Chifuwa cha Che Rajabu

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntcheu munamva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikamba mokoma kuposa ine. Zimene sangakuuzeni ndi za kuntchito, chifukwa ine ndinkati ndikaweruka n'kungosamba m'manja, kudya, osakamba kanthu. Tsopano poti ndinapuma ndipo maso akadaonako, ndati ndilembe.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Nditamaliza maphunziro a umedikala asisitanti, boma linanditumiza ku kachipatala kena kufupi ndi Monkey Bay. Ndinatsika basi ndi sutikesi ndi mphasa basi. Mkulu wanga anali a Kalonga, bambo wamfupi wa ku Nkhotakota amene anayamba ntchito nthawi ya atsamunda. Pantchito sankaseka. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti wodwala chifuwa azivula malaya, kaya mzere watalika bwanji. "Sitiyeza nsalu pano," ankatero. "Pakamwa pamaiwala, koma thupi siliiwala." Kwa iwo n'kumene ndinaphunzira likodzo, malungo, kuchotsa mbedza m'chala cha msodzi, ndi chifuwa chachikulu cha TB. Kumeneko n'kumenenso ndinakwatira amayi anu.

Pakati pa zaka za m'ma 1980

Kenaka anandisamutsira kutsidya, kum'mawa kwa nyanja, kupitirira Malindi pa msewu wa ku Makanjira, kuti ndikayang'anire ndekha chipatala. Tinalipo atatu: ine, namwino amene analinso mzamba, ndi wosesa. Dzinja likafika milatho inkakokoloka, ndipo mankhwala ankabwera pa boti kapena pa lole ya nsomba, tsiku limene mwini lole wafuna. Tinali ndi njinga yamoto yakale, ndi wailesi yolankhulirana ndi akuchipatala cha ku boma ku Mangochi, yoyendera batire la galimoto.

Nkhondo ya ku Mozambique tinkangoimva mpaka pamene anthu anayamba kutsika m'mapiri. Poyamba ankabwera mabanja ochepa n'kulandiridwa ndi abale awo, poti malire aja anadula pakati pa anthu amodzi. Kenaka kunabwera khamu, ena atavala masaka, miyendo yotupa, ana ali ndi chikuku. Mafumu anawapatsa malo, mabungwe othandiza anabweretsa ufa ndi nandolo, koma chipatala chinali chomwechija. Mankhwala a mwezi ankatha mwezi uli pakati. Majakisoni tinkawiritsa mpaka singano kubuntha, ife n'kumazinola. Silinda ya okosijeni inali imodzi, ndipo ikatha, kodzaza kwake kunali ku Blantyre. Chiyao ndinachiphunzira pamenepo, cha pachipatala: mutu, mimba, magazi, mwagona bwanji.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Mwa anthu onse amene ndinawathandiza zaka zimenezo, amene sachoka m'mutu mwanga ndi Che Rajabu. Anafika pa njinga yakapalasa, mkazi wawo Abiti Saidi akuikankha. Anali bambo wamtali, wowonda, wa imvi zapatalipatali, wovala kofia yoyera, ndipo Chichewa chawo chinkasakanizika ndi Chishona. Anachokera ku chipatala cha ku boma ndi khadi la TB, kuti azidzabayitsa jakisoni kwa ife tsiku ndi tsiku. Masiku amenewo munthu wowonda, wotsokomola magazi, chithunzi cha m'chifuwa chikaonetsa mthunzi, inali TB basi, ngakhale makhololo asaonetse kanthu. Nthawi zambiri zinkakhala zoona.

Koma milungu inapita, jakisoni akubayidwa, munthu osasintha. Anayamba kudandaula chizungulire ndi kulira kwa m'makutu, zimene jakisoni uja amachita. Tsiku lina namwino anawalowetsa m'chipinda changa, ine n'kuwapempha kuti avule malaya. Pachifuwa, mbali ya kumanja, panali chigamba cha khungu lodera, losalala, lopanda cheya, chokhala ndi ngodya zinayi ngati wina anaikapo simbi. Kumsana kunalinso chimodzimodzi. M'mbali mwake munali timadontho ta inki.

"Izi ndi mphini?" ndinafunsa.

"Iyayi adokotala. N'za makina. Ku Harare."

Anandifotokozera mopumira, chifukwa mpweya sunkawalola kumaliza chiganizo. Anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa mgodi ku Zimbabwe, kuboola miyala. Fumbi linawadya mapapo, fodya n'kuwonjezera. Atayamba kutsokomola magazi, madokotala kumeneko anapeza khansa m'papo la kumanja. Anati sangawachite opaleshoni poti mapapo otsalawo sakanawasunga, ndiye anaiwotcha ndi makina, tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo. Timadontho tija n'timene tinkasonyeza polunjika makinawo. Anapezako bwino, anawapumitsa ntchito, nabwerera kwawo ku Niassa, ku Mozambique, kwa mkazi wawo. Asanakhazikike nkhondo inafika m'mudzi. Mapepala a kuchipatala anapsera m'nyumba.

"Ku boma munawauza zimenezi?"

"Anandifunsa ngati ndikutsokomola magazi, ine ndinati inde. Kumbuyo kwanga kunali anthu ambiri odikira."

Ndinamvetsera chifuwacho. Mapapo onse awiri ankalira ngati munthu akuponda masamba ouma, koma pansi pa chigamba chija panali kamluzu kosasuntha. Sabata yomweyo ndinawakweza pa lole, ine limodzi, mpaka ku Mangochi.

Mkulu wathu wa zaumoyo ku boma nthawi imeneyo anali Dokotala Chirambo, munthu wachichepere kwa ine, amene anaphunzira kunja ndipo makina owotchera khansa anawaonapo. Kuno kwathu kunalibe ngakhale amodzi. Anawajambulanso, naika chithunzi chatsopano ndi chakale pa windo, n'kuziyerekeza.

"Khansa ija yabwerera," anatero. "Pamalo pomwepo pamene anawotcha. Mukuona apa payera ngati ulusi? Limeneli ndi papo lopsa, silipumanso. Timadontho tamwazikanati ndi fumbi la ku mgodi. Ndipo chotupa ichi chakula kuyerekeza ndi mwezi watha. Jakisoni wa TB muwasiyitse, akungowagonthetsa."

"Nanga tichite chiyani, adokotala? Ku Blantyre sangadule?"

"Adule chiyani, asiye chiyani? Munthu wa mapapo awa sangadzuke pa tebulo."

"Kuwotchanso?"

Anapukusa mutu pang'ono, osati mokana kwenikweni. "Thupi limakumbukira moto. Pamene panapsa kale ukawonjezapo, papo lozungulira limatupa, ndipo munthu amene akupumira kachigawo kochepa chonchi angathe kubanika n'kufa ndi chithandizocho. Chotupachi chilinso pafupi ndi mtsempha waukulu. Sindinganene kuti ku Harare angakane. Mwina angawotcheko pang'ono kuti magazi aleke. Koma zochiza, iyayi. Muwatenge, muwasamale. Zimene ndingakupatseni ndikupatsani."

Anandipatsa mapiritsi ochepetsa kutupa m'mapapo, otsegula njira za mpweya, ndi kodini wochepa wa chifuwa ndi ululu. Kwa Che Rajabu tinangoti jakisoni wasiyidwa, tayamba mapiritsi. Abiti Saidi ndiwo ndinawauza pambali, monga mwa mwambo wathu, kuti nkhani yolemera imauzidwa kwa osamalira, osati kwa wodwala. Zaka zanga zonse ndinkachita choncho. Iwo anamva, naweramitsa mutu, n'kutumiza uthenga kwa mwana wawo Yusufu amene anatsala ku Zimbabwe, nayenso pa mgodi.

Yusufu anafika nyengo yotentha, mango asanapse. Anali mwamuna wamphamvu, wa mapewa aakulu, ndipo anadzera ku Tete, mu mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali, poti njira yaifupi inali yomweyo ndipo nkhondo inali mkati. Anabwera ku chipatala asanapume n'komwe.

"Adokotala, ndabwera kudzawatenga bambo. Makina amene anawachiza aja alipo, ndinapita kukawaona. Ndikufuna mundilembere kalata yoti ndionetse pa malire ndi kuchipatala."

Ndinamukhazika pansi n'kumuuza zonse zimene Dokotala Chirambo ananena. Anamvetsera bwino, sanali munthu waphuma. Nditamaliza anati, "Ndamva. Koma mwanena nokha kuti mwina angawawotcheko. Kuno muli ndi chiyani? Mapiritsi? Ine ndingakhale bwanji ndikudziwa kuti kuli makina, bambo anga akutha m'kanyumba ka udzu?" Kenaka anatsitsa mawu. "Chinthu chimodzi ndikupempheni. Musawauze kuti yabwerera. Muwauze kuti akukangoyezedwa. Akadziwa akana, ndimawadziwa."

Ndinamuuza kuti abwere mawa. Madzulo ake ndinayesa wailesi, ndipo mawu a Dokotala Chirambo anamveka modukaduka. "Amene muli nawo ndinu," anatero. "Ine ndinawaona kamodzi. Muwayendetse muone. Akatha kuyenda, mwina ulendo angautha." Batire linathera pamenepo.

M'mawa mwake Yusufu anabweretsa bambo ake kudzatenga mapiritsi, ndipo ndinawapempha kuti ayende kuchoka pa khonde kukafika pa mjigo, mtunda umene mwana amathamanga atasenza ndowa. Anayesa, poti anali munthu wosafuna kuoneka wofooka pamaso pa mwana wake. Asanafike pakati anaima, manja pa mawondo, milomo itachita phulusa, mapewa akukwera ndi kutsika. Ine ndinali kuganiza za lole kuchoka kwathu kukafika ku Mangochi, basi ya ku Blantyre, kudikira pa Mwanza mpaka mdipiti ukwane, kutentha kwa ku Tete, fumbi, ndi zija zoti mfuti zikalira aliyense adumphe athawire m'tchire. Ndinaganizanso za mbali inayo. Ine ndinali medikala asisitanti wa kumudzi, makinawo ndinali ndisanawaonepo. Bwanji ngati akanafika, n'kuwotchedwa, magazi n'kuleka, n'kuwonjezera miyezi? Sindikanatha kulumbira kuti sizingatheke. Chimene ndinaona n'chakuti pa zonsezi wopuma movutika anali mmodzi, ndipo ndi yekhayo amene sitinamufunse.

Ndinamuitanira Yusufu pambali. "Kalata ndilemba," ndinatero, "koma pokhapokha bambo anu atapempha okha, akudziwa chimene akukachita. Sindiwakweza lole ndi bodza."

"Ndinu dokotala kapena shehe?" anandifunsa.

Masana ndinakwera njinga yamoto kupita kumene Che Rajabu ankakhala, pa malo amene amfumu anapatsa othawa nkhondo, kuseri kwa minda ya chinangwa. Ndinawapeza atatsamira chipupa pa mkeka. Abiti Saidi anakhala chapatali pang'ono, Yusufu ataima pakhomo. Titalonjerana ndinati, "Che Rajabu, ndabwera ndi nkhani ya chifuwa chanu. Mukufuna ndiikambe ndi inu, kapena ndi mwana wanu?"

"Chifuwa n'changa," anatero. "Kambani."

Ndinawauza kuti si TB, ndi matenda akale aja, ndipo abwerera pamalo pomwepo. Sanadzidzimuke.

"Ndinadziwa. M'kamwa munayambanso kukoma chitsulo ngati nthawi ija. Ndimangoona nonse mukundizemba ngati ndine mwana." Anapuma. "Akandiwotchanso ndichira?"

"Iyayi. Mwina magazi angachepe kwa kanthawi. Mwinanso moto ungawononge papo limene mukupumira."

"Ndikafika ku Harare?"

"Sindikudziwa. Ndaona mmene mwayendera m'mawa uja, ndipo ndikuopa."

"Ndikakhala kuno?"

"Ndidzakuchepetserani ululu ndi kubanika mmene ndingathere. Zina zidzandikanika. Koma sindidzakusiyani."

Yusufu analowerera. "Baba, musamve zimenezo. Nthawi ija munachira. Tiyeni tikayese, zotsalazo n'za Mulungu."

Che Rajabu anatembenukira kwa mkazi wawo, nalankhula m'Chiyao, ndipo ndinamvako. Anafunsa ngati iwo angapite nawo. Yusufu anayankha kuti amayi alibe mapepala, adzatsatira pambuyo. Bamboyo anakoka mpweya. Kenaka anati, "Mayi akowa ndinawasiya zaka zonse za ku mgodi. Ndinkabwera ngati mlendo, n'kupitanso. Pamene tinkathawa, anandibereka kuwoloka mtsinje, ine mwamuna. Lero ndiwasiyenso kuti ndikaone makina? Ndipo ndikafera pa Tete, andisambitsa ndani? Asilikali?" Anagwira dzanja la mwana wake. "Wachita zoyenera mwana kwa bambo ake, ndaona. Koma sindipita."

Yusufu ananditsatira mpaka pa njinga. Sanakweze mawu. "Mwawapha ndi pakamwa panu," anatero. Anakhala masiku ochepa, kuwakonzera denga ndi kuwagulira bedi la zingwe, n'kubwerera, poti tchuthi chake chinali chitatha. Kwa ine sanatsanzike.

Miyezi yotsatira

Chimene ndinaphunzira miyezi imeneyo palibe anandiphunzitsa kusukulu. Ndinkapita kawirikawiri ndikamaliza mzere wa odwala. Tinasamutsa moto wophikira kupita kuseri, kuti utsi usamalowe. Tinaika thumba la mankhusu kumsana kwawo kuti azigona chokhala, atapendekera mbali yodwalayo, papo labwinoko likhale pamwamba. Ndinaona kuti akabanika, kamphepo kowomba kumaso kankawakhazika mtima pansi, ndiye Abiti Saidi ankawakupiza ndi lichero, nthawi zina mpaka mkono kuuma. Mapiritsi ochepetsa kutupa anawabwezerako chilakolako cha chakudya, ndipo kwa kanthawi ankatha kukhala panja, anzawo a kumzikiti n'kumabwera kudzaswali nawo pakhomo. Kawiri anatentha thupi, makhololo n'kununkha, poti kuseri kwa chotupa kunkasonkhana mafinya. Ndinawabaya penisilini, kutentha n'kutsika.

Silinda ya okosijeni sindinawapititsire. Anandifunsapo kamodzi, poti ku Harare anaizolowera. Ndinawauza kuti ndi imodzi, ndipo ndimaisungira ana a chibayo ndi obadwa osalira. "Isungeni," anatero. "Ine ndapumapo kale wanga."

Chovuta kwambiri chinali kuwakonzekeretsa Abiti Saidi za magazi. Dokotala Chirambo anali atandichenjeza kuti mtsempha uja ungathe kuphulika tsiku lina. Ndinapempha amayi anu chitenje chakuda chimene ankavala pa maliro, ndipo anandipatsa osafunsa. Ndinapita nacho kwa Abiti Saidi n'kuwauza kuti, "Magazi akadzabwera ambiri, musadzathamange kudzandiitana, mudzatume wina. Inu mudzakhale pomwepo. Mudzawapendeketse, mudzaike nsaluyi, kuti asadzaone kufiira. Muzidzawalankhula." Anailandira ndi manja awiri, naipinda, n'kuiika pansi pa mkeka.

Mvula itayamba, kodini anatha, ndipo milatho inali itapita. Ululu unalowa m'phewa ndi kumsana. M'kabati munali timabotolo tochepa ta petidini, jakisoni wamphamvu wa ululu, timene tinkasungira azimayi ovutika pobereka ndi anthu othyoka. Ndinakambirana ndi namwino, poti odwala ake ndiwo akanasowa. Anaganiza, nati, "Tigawane. Ululu wa odwala anga umatha mwana akabadwa." Tinagawa pakati. Mankhwalawo sanali okwanira. Panali masiku amene ndinkafika ndilibe kanthu m'chikwama, n'kungokhala nawo. Ankandifotokozera za pansi pa mgodi, mmene ankadziwira ndi khutu kuti mwala ukufuna kugwa, ndi za mango a kwawo ku Niassa. Za Yusufu ankafunsa nthawi zonse ngati kwabwera uthenga.

Anamwalira m'mawa wina dzuwa litakwera, ine ndili pakati pa sikelo ya ana. Mayi wina woyandikana nawo anabwera akuthamanga. Ndinafika zitatha. Abiti Saidi anali atakhala pa bedi, mutu wa mwamuna wawo uli pa miyendo pawo, chitenje chija chitanyowa. Anandiuza kuti sizinatenge nthawi. Anatsokomola, magazi anabwera, iwo anachita monga tinapanganirana, ndipo anawanong'oneza mawu a chikhulupiriro m'khutu mpaka anasiya kupuma. Amuna a kumzikiti anawasambitsa, nawakulunga mu nsalu yoyera ya sanda, ndipo pofika madzulo anali ataikidwa, monga achitira Asilamu. Ine ndinaperekeza mpaka kumanda, n'kuima kumbuyo.

Uthenga unatenga nthawi kufika ku Zimbabwe, ndipo Yusufu anabwera mvula itatha, udzu utayamba kuuma. Sanayambire kwa amayi ake. Ndinangoona waima pakhomo la chipinda changa, chikwama chili m'manja, fumbi la lole lili m'tsitsi. Anadikira mpaka wodwala womaliza atatuluka.

"Anavutika?" anafunsa.

"Masiku ena anavutika. Mankhwala anandithera. Tsiku lomaliza silinatalike, ndipo amayi anu anali atawagwira."

Anayang'ana pansi. "Mdipiti umene tikanakwera uja unadutsa bwino. Palibe anawombera."

"Ndamva."

"Akanafika."

"Mwina akanafika," ndinatero. "Mpaka lero sindidziwa."

Anakhala pa benchi ya odwala. Ine ndinatseka kabati, ndinavula gauni, n'kudikira. Kenaka anaimirira nati, "Kumanda sindikudziwako. Amayi sangandiperekeze, akazi safikako."

Ndinatulutsa njinga yamoto. Anakwera kumbuyo, chikwama chili pakati pathu. Njira inali yamchenga, ndipo titafika pa dambo, njinga itayamba kuterereka, anandigwira m'chiuno. Tinapita choncho mpaka kumanda.